Ndinalipira consultant K450,000 kuti andikanize kugula chigayo

Anthu angapo akhala akundifunsa, ena kumsika ena tikutuluka mtchalitchi, kuti kodi mnyamata uja anakuthandizani za mapepala a ku banki ndi wabwino, tikamupeze? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi ndiye ndingofotokoza kamodzi aliyense adzionere yekha. Dzina lake sinditchula, sanandipemphe kuti ndimutsatsire malonda komanso pali zina ndinena apa zoti sangasangalale nazo.

Ine geni yanga ndi mpunga, Kilombero. Ndimakaoda ku Karonga cha ku Hara ndi Wovwe, ukavuta ndimafika mpaka Lufilya, ndimagula wosapuntha kwa alimi nkupunthitsa konko kenako pa lole kubwera nawo kuno ku Mzuzu. Wina ndimagulitsa ndekha, wina ndimaperekera ma grocery aku Chibavi ndi Luwinga, ndi masukulu awiri ogonera konko, wotsala umapita ku Lilongwe kwa mng'ono wanga. Ndachita zimenezi zaka zoposa khumi. Ndiye mutu unayamba kukula kuti bwanji ndigule chigayo changa cha mpunga ndichiike ku Luwinga, ndisiye kulemeretsa eni zigayo aku Karonga. Bambo akunyumba anavomera msangamsanga, paja azibambo mukangotchula mashini maso amawala. Ndinapita ku banki ina mtauni muno kukafunsa ngongole ya K30 miliyoni, anati bweretsani business plan, pepala la dongosolo la geni, ndi cash flow yoonetsa mmene ndalama zizilowera ndi kutuluka kwa zaka zitatu, chikole tikambirana pambuyo.

Ndisananene za consultant weniweniyo, mlangizi wa za geni amene ndinamulipirayo, ndiulule kaye za manyazi anga. Poyamba ndinapita kwa anyamata ena aja amakhala ndi kompyuta ndi fotokope mtaunimu, pakhomo analemba kuti timalemba ma CV, ma proposal ndi ma business plan. K60,000, mawa lake zatheka, chikuto chokongola cha pulasitiki. Ine osawerenga bwinobwino. Mwana wanga wamkazi ndi amene anatsegula madzulo nkuyamba kuseka mpaka misozi, akuti amayi kodi mwayamba liti kuweta nkhuku? Peji 7 imanena za anapiye ndi katemera wa chitopa, kwinaku akuti msika wathu waukulu uli pafupi ndi wa ku Lunzu. Lunzu! Anangotenga plan ya munthu wina waku Blantyre nkusintha dzina pamwamba, pena analemba mpunga pena anaiwala. Ndalama ija sinabwerenso, ndinangoti ndagula nzeru.

Mkulu wachiwiriyu anandilozera ndi mzanga wa hardware. Ndi mnyamata wa zaka za mma 30, anaphunzira economics ku Chanco ku Zomba, anagwirako ku bungwe lina ku Lilongwe kontilakiti itatha anabwerera kwawo kuno nkuyamba kudzilemba yekha ntchito. Ofesi yake ndi kachipinda kamodzi cha ku Katoto, tebulo, mipando iwiri ya pulasitiki, laputopu ndi ka printer koti mpaka akamenye pambali kuti kagwire ntchito. Kunena zoona nditalowa mtima unagwa, ndinati munthu wophunzitsa anzake za ndalama bwanji iye zikuoneka kuti sizikumuyendera kkkk. Kukumana koyamba sanandilipiritse, tinacheza ola lathunthu, ndipo chomwe ndinaona nchoti samathamangira kulankhula. Anangoti amama, makope anu amene mumalembamo za geni alipo? Ndinati alipo koma ndi zolembalemba zanga simungazimve. Anati omwewo bweretsani onse, ngakhale ong'ambika, ndi ma statement a Airtel Money ndi Mpamba ngati mungawapeze.

Mtengo anati K450,000, theka poyamba theka akamaliza, ntchito ya masabata atatu. Ndinayesa kunenerera anakana, anati amama ndikatsitsa apa ndiye kuti ku Karonga sindipita ndingokhala pa laputopu nkumalota manambala ngati anzanga aja. Zinandilowa chifukwa bala la nkhuku lija linali lisanapole.

Tinapitadi limodzi ku Karonga mu June 2024, nthawi yokolola. Apa ndimupatse ulemu wake. Munthuyu anayenda nane padzuwa la kunyanja lija atavala nsapato za ku ofesi, atanyamula sikelo yake yaing'ono yopachika, kumayeza ndowa za alimi, kufunsa a chigayo kuti amatchaja bwanji, magetsi akazima amatani, kufunsa madalaivala a malole mtengo wa thumba limodzi kukafika ku Mzuzu. Pa chigayo anayeza thumba lisanalowe ndi zomwe zatuluka, katatu konse, mpaka mwini chigayo anayamba kutiyang'ana ngati tatumidwa ndi a MRA. Ine zaka zonsezi ndimangodziwa ndi maso kuti thumba likalowa umatuluka wochepa, koma sindinakhalepo pansi kuwerengera. Pa makilo 100 a wosapuntha umatuluka mpunga makilo cha mma 65, ndipo mmenemo muli wosweka womwe sugulika pa mtengo wabwino, zotsalazo ndi mankhusu ndi deya.

Nde pobwerera tili pa Chiweta, basi ikukwera mapiri aja mokoka ngati ifa, anandilozera lole yomwe inali patsogolo pathu itadzaza matumba ikufuka utsi. Anati amama mukaika chigayo ku Luwinga ndiye kuti mpunga uzikwera phiri ili usanapunthidwe, pa malole atatu aliwonse imodzi izikhala yanyamula mankhusu ndi deya basi, ndipo dizilo wa makilomita oposa 200 muzilipira ndinu. Ndinakhala chete. Zinthu zoti ndimayenera kuziona ndekha kalekale, msewu umenewu ndaudutsa kosawerengeka.

Koma chomwe chinandipweteka kwambiri, komanso chomwe ndimati ndalama yanga inagwira ntchito, ndi cha makope aja. Ine mmutu mwanga geni imakula. Chaka chilichonse ndalama yomwe ndimapita nayo ku Karonga imakhala yochuluka kuposa chaka chatha, kuyambira 2021 kufika 2024 inali itatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, ndiye ndimayenda monyada ndithu, ku banki mkhonde amanditcha abwana. Mkuluyu anati tiyeni tisiye kuwerenga makwacha, tiwerenge matumba. Anatsegula kope la 2021, matumba 700 chaka chonse. La 2022 atsikako. Kufika pomwe tinali, ndalama yonse ija yochuluka ija imakwana matumba 600 okha mwinanso osafika. Anati amama simukukula, mukudya mpamba pang'onopang'ono osadziwa, chifukwa mukagulitsa mumawerengera phindu pa mtengo womwe munagulira miyezi isanu yapitayo, pomwe mukabwerera kukaoda mumapeza mtengo wina, thiransipoti ina, matumba opanda kanthu nawo akwera. Chomwe mumachitcha phindu nkuchitenga kukalipira fizi, mbali ina chinali mpamba.

Ndinakwiya. Sindinamukwiyire iye kwenikweni koma mukudziwa mmene zimakhalira mwana wamng'ono akakuuza zoona pamaso. Ndinati achimwene ine ndinayamba geni imeneyi inu muli ku sekondale. Anangoseka nati nzoona amama, koma kwacha siyiona zaka. Nkundikumbutsa kuti mu May 2022 ndalama yathu anaigwetsa ndi 25 peresenti, mu November 2023 anaigwetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka cha mma K1,180 kufika K1,700 ku banki tsiku limodzi, osanena za mtengo wa kuseri womwe aliyense amaudziwa. Nthawi imeneyo a NSO, ofesi ya boma ya kalembera yaku Zomba, amalengeza kuti mitengo ya zinthu ikukwera kupitirira 30 peresenti pachaka. Anati ngati ndalama yanu sikukula mofanana ndi pamenepo ndiye kuti ikuchepa, olo manambala a mkope azioneka onenepa. Izi timazimva pa wailesi tsiku ndi tsiku koma zimakhala ngati za anthu aku Capital Hill, mpaka munthu atakuonetsa mkope mwako momwe, ndi dzanja lako lomwe.

Kenako anabwera pa chigayo chija. Pa quotation yomwe ndinatenga kwa ogulitsa mashini analemba kuti chimapuntha tani imodzi pa ola. Anatenga calculator ya pa foni nati matumba 600 a 50kg ndi matani 30, ndiye kuti mpunga wanu wa chaka chonse chigayochi chimaliza mmaola 30, masiku anayi osatopa. Masiku enawo chizitani? Ndinati anthu ena azibwera kudzapunthitsa. Anati ndani amama, ku Zolozolo kapena ku Mchengautuba alipo amalima mpunga? Mpunga uli ku Karonga, ku Limphasa ku Nkhata Bay, ku Nkhotakota, ndipo konseko zigayo zilipo kale pafupi ndi minda. Apo mkuti tisanakambe zokokera magetsi a three phase, nyumba yoikamo chigayo, wogwira ntchito, ma spare omwe amachokera kunja ndipo amafuna madola. Quotation yomweyo pansi pake analemba timalemba ting'onoting'ono kuti mtengowu ugwira masiku 7 okha, ine sindinaone nkomwe.

Za chiwongoladzanja ndiye anangondilembera pa kapepala. Reserve Bank inali itakweza policy rate, chiwongoladzanja chomwe mabanki amayambirapo, kufika 26 peresenti kuyambira February chaka chimenecho, mabanki amaika zawo pamwamba, ine anali atanditchulira chopitirira 30. Pa K30 miliyoni ndiye kuti chaka choyamba chiwongoladzanja chokha cha mma K9 miliyoni, mwezi uliwonse K750,000 musanayambe nkomwe kubweza ngongole yeniyeniyo. Ndipo chikole chinali nyumba yathu yaku Chibanja. Anati amama plan ya chigayo ndikhoza kulemba, manambala ndikhoza kuwakometsa mpaka a banki avomere, ambiri amatero, koma nyumba ikamadzagulitsidwa ine ndidzakhala ndili pa ofesi panga pano ndikumwa tiyi.

Kunyumba kunali nkhondo. Bambo akuti ndiye mwalipira munthu theka la miliyoni kuti akuuzeni kuti ayi? Ayi ndikanakuuzani ine ulele. Ndinati inu simunandiuze ayi, inu munayamba kale kuuza anzanu ku bawo kuti mukhala manejala wa chigayo. Anakhala masiku awiri osandilankhula bwino.

Zomwe analemba mmalo mwake ndi plan ya ngongole yaing'ono, yogulira mpunga wambiri nthawi yokolola pamene mtengo uli pansi, kuusunga wosapuntha konko ku Karonga poti wosapuntha suonongeka msanga, nkumapunthitsa pang'onopang'ono mtengo ukamakwera chakumapeto kwa chaka. Kuonjezera apo kamashini komatira mapaketi, sikelo yabwino, mapaketi a 1kg, 2kg ndi 5kg okhala ndi dzina langa, ndi kuyamba ndondomeko ya ku MBS, bungwe loona za ubwino wa katundu, kuti ndidzathe kulowa mmashopu akuluakulu. Anandiuzanso za AGCOM, ija ya ndalama za World Bank imene imapereka 70 peresenti gulu nkusonkha 30, koma ananena poyera kuti imeneyo ndi ya magulu a alimi ngati ma cooperative, osati venda mmodzi ngati ine, ndiye ndisataye nthawi kapena kupatsa ndalama aliyense wonena kuti andilowetsa. Pamenepo ndinamukonda, chifukwa alipo ena mtauni muno amadya ndalama za anthu ndi nkhani yomweyi.

Tsopano zoipa zake, poti zilipo ndipo sizochepa.

Masabata atatu aja anasanduka asanu ndi awiri. Titangobwera ku Karonga anapeza ka ntchito ka bungwe lina kokachita kafukufuku ku Chitipa, basi munthu anasowa. Foni osayankha, WhatsApp ma tick awiri a buluu koma zii, akayankha ndi usiku kuti pepani amama network kuno ndi yovuta ndimaliza weekend ino. Ma weekend anadutsa atatu. Nditamupeza ndinamukalipira ndithu ngati mwana wanga, anapepesa nkundifotokozera mmene ntchito yawoyi imayendera, kuti utha kukhala miyezi itatu opanda olo kasitomala mmodzi lendi ya ofesi ikuwerengabe, kenako ntchito zitatu zimabwera sabata imodzi ndipo sungakane iliyonse poti sudziwa kuti ina idzabwera liti. Ma tender akuluakulu amapita ku makampani aku Lilongwe, iwo aku Mzuzu amangopatsidwa zotolera manambala mmidzi pa mtengo wochepa dzina lawo osaoneka pa lipoti. Mabungwe amalipira mochedwa, komanso amadula 20 peresenti ya withholding tax kupita ku MRA, ukagwira ya K1 miliyoni mmanja mumalowa K800,000. Ndinamumvetsa, inenso ndine wa geni ndikudziwa njala ya kasitomala. Koma kumvetsa nkwina, ine season inandidutsa, mpunga wotchipa wa June ndi July unatha ndikudikira pepala. Akanangondiuza poyamba kuti amama ndapeza ntchito ina ndichedwa mwezi, bwenzi nditapanga dongosolo lina.

Chachiwiri lipoti lakelo. Mapeji 38, chizungu chokhachokha chija cha ku yunivesite, ma graph amitundumitundu. Mapeji asanu oyamba akufotokoza chuma cha Malawi ngati ndine mzungu wobwera kumene pa ndege. Penapake analemba kuti Mzuzu uli ndi anthu 221,272 malinga ndi kalembera wa 2018 ndiye msika ndi waukulu. Ndinati achimwene anthu amenewa ndimawadziwa, ambiri Kilombero amadya pa Khirisimasi ndi pa ukwati, masiku ena onse ndi nsima. Anavomera kuti gawo limenelo analembera a banki poti amakonda kuona zoterozo. Chabwino, koma wolipira ndine. Ndinachita kumukakamiza kuti tikhale pansi Loweruka lina andifotokozere mChichewa peji ndi peji, ndipo atafotokoza pakamwa zinali zomveka bwino kwambiri kuposa zolembazo, pena amasakaniza ndi Chitumbuka zikamuvuta. Munthuyu pakamwa ndi mphunzitsi, pa pepala amafuna kusangalatsa ma lecturer ake akale.

Chachitatu, mpunga saudziwa. Manambala amawadziwa koma mpunga ayi. Ku Hara ndinamuikira mmanja Kilombero ndi Faya anati zonse ndi zofanana, ine kungonunkhiza ndimadziwa kuti uwu asakaniza. Ndiye mu plan yake munalibe za kuluza komwe kumabwera ukagula wosakaniza, kapena wosauma bwino womwe umapepuka ukamauma komanso umasweka kwambiri pa chigayo. Analembanso kuti ma grocery ndi masukulu azilipira pakatha masiku 30. Ndinaseka. Sukulu imalipira makolo akalipira fizi, nthawi zina term yonse imatha ukungoyendera, ndipo wa grocery amakuuza kuti bwerani mawa mpaka nsapato kutha. Titakonza pamenepo cash flow yake yokongola ija inasintha nkhope, miyezi iwiri inalowa mofiira. Ubwino wake sanachite makani, anati apa ndinu mukudziwa, nkusintha pomwepo ndili pompo. Koma ndikanakhala munthu wongolandira pepala nkuthamanga nalo ku banki ndikanapita ndi manambala olakwika.

Ndi zing'onozing'ono zina. Thiransipoti yake ya ku Karonga, malo ogona ndi chakudya sizinali mu K450,000 muja, anandiuza tili kale pa depoti, zinandidyera ina pafupifupi K90,000. Sitinalemberane kalikonse poyamba, zonse zinali zapakamwa, vuto langanso limenelo. Risiti anandipatsa yokhala ndi TPIN, nambala yake ya msonkho, nditachita kufunsa. Mukapita muuzeni alembe papepala zomwe achite, tsiku lomaliza, zomwe zili mu mtengo ndi zomwe mulibe, ndipo theka lomalizalo musapereke asanakufotokozereni lipotilo mchilankhulo chanu mpaka mutamva. Makope anu mupite nawo, opanda makope palibe chomwe angakuchitireni, adzangolota ngati anyamata a nkhuku aja.

Mphwanga wina wa ku Mzuni ataona lipotilo anati anti zonsezi zili pa intaneti ulele, za Reserve Bank, za NSO, mwangotaya ndalama. Mwina. Koma pa intaneti palibe kope langa la 2021 lothimbirira ndi mafuta, ndipo intaneti sikanakwera nane basi kukayeza ndowa ku Wovwe. Kwa munthu wa ka geni kakang'ono ka tomato kapena kaunjika wa belo imodzi sindingamuuze kuti akalipire ndalama imeneyi, ndi yambiri, bola apite ku maphunziro aja a bungwe la boma lothandiza mabizinesi ang'onoang'ono kapena angokhala pansi ndi mzake wodziwa masamu awerenge katundu mmalo mwa makwacha. Koma ngati mukufuna kuika nyumba pa chikole, kapena kugula mashini a mamiliyoni, pitani, ndipo mupite mutakonzeka kumva zomwe simukufuna. Pa 10 ndimupatsa 7, zitatuzo ndamudula chifukwa cha Chitipa.

Ngongole yaing'ono ija ndinatenga chaka chotsatira, season ndinaipeza bwino ulendo uno, mapaketi a 2kg ndi amene akuyenda kwambiri, za MBS zikadali mnjira. Pa khoma la sitolo ndinalemba ndi choko nambala ya matumba a chaka chilichonse, ya makwacha ndinasiya kuuza anthu. Ka Excel komwe anandisiyira kali mu laputopu ya mwana wanga, timadzaza limodzi Lamlungu madzulo akakhala kuti sanapite kwa anzake. Bambo akunyumba mpaka lero tikadutsa pa Luwinga amalozabe malo aja nkunena kuti apa pakanakhala chigayo chathu.

Sabata yatha ananditumizira uthenga mkulu uja, akuti amama ndayamba dongosolo loti ndizibwera kudzaona makope anu miyezi itatu iliyonse pa mtengo wochepa, komanso mayi anga akufuna Kilombero weniweni 25kg, tingagwirizane bwanji? Mpungawo ndamutumizira pa kabaza dzulo, wosasakaniza. Za miyezi itatuzo ndawerenga, ma tick a buluu aoneka kwake, ndimuyankha weekend ino.